Zala za zinki: mapuloteni amene amasankha majini oti agwire ntchito

Selo la m'chiwindi mwanu ndi selo la mu ubongo wanu ali ndi DNA yofanana. Zilembo zake n'zomwezo, pafupifupi 3 biliyoni zochokera kwa mayi ndi 3 biliyoni zina zochokera kwa bambo, ndipo majini opanga mapuloteni ndi omwewonso, pafupifupi 20,000. Komatu chiwindi chimapanga ndulu, ubongo umaganiza, ndipo khungu silinayambe latulutsapo insulini. Ngati malangizo ali amodzi m'thupi monse, n'chiyani chimauza selo lililonse pamene liyenera kuwerenga ndi pamene liyenera kudumpha?

Zili ngati buku la nyimbo la kutchalitchi. Bukulo n'limodzi, koma nyimbo ya pamaliro si ya paukwati, ndipo pamafunika wina woti atchule nambala. M'selo, otchula nambalawo ndi mapuloteni amene asayansi amawatcha ma transcription factor. Kuti jini ligwire ntchito, enzaimu yotchedwa RNA polymerase imayenera kukopera uthenga wake n'kupanga RNA, ndipo RNA imeneyo ndi imene imakapangitsa puloteni. Koma enzaimuyi payokha sidziwa poyambira. Imadikira mapuloteni ena kuti akhale pa DNA pafupi ndi jinilo, aiitane kapena aitsekereze. Munthu ali ndi mapuloteni oterewa pafupifupi 1,600, ndipo pafupifupi 700 mwa iwo amagwira DNA pogwiritsa ntchito kachida kamodzi komweko, kotchedwa zinc finger, kapena kuti chala cha zinki. Palibe banja lina la mapuloteni olamulira majini limene limafikapo pa chiwerengero chimenechi.

Zinayambira m'mazira a chule

Kum'mwera kwa Africa kuno kuli chule wina wokhala m'madzi nthawi zonse, wa thupi laphwatalala ndiponso wa zikhadabo zakuda kumiyendo yakumbuyo, amene dzina lake la sayansi ndi Xenopus laevis. Chule ameneyu anafalikira m'malabotale a padziko lonse kuyambira cha m'ma 1930, chifukwa madokotala ankamugwiritsa ntchito poyeza ngati mayi ndi woyembekezera: ankabaya chule wamkazi mkodzo wa mayiyo, ndipo ngati mayiyo anali ndi pakati, chuleyo ankaikira mazira tsiku lisanathe. Njira imeneyi itatha ntchito, achulewo anatsalabe m'malabotale, ndipo ofufuza anapeza kuti mazira awo osakhwima ndi nkhokwe ya zinthu zimene m'maselo ena zimapezeka pang'ono kwambiri.

Chimodzi mwa zinthuzo chinali puloteni yotchedwa TFIIIA. Gulu la Robert Roeder ku America linaipatula mu 1980. Ntchito yake ndi kutsegula jini lopanga 5S RNA, imene ndi mbali ya ribosome, kamakina kopanga mapuloteni m'selo. Dzira la chule limafuna ma ribosome ochuluka zedi pokonzekera kukula kwa mbululu, choncho limadzaza TFIIIA yambiri moti munthu angathe kuisonkhanitsa n'kuiyeza.

Amene anatulukira mmene puloteniyi inapangidwira anali a gulu la Aaron Klug ku MRC Laboratory of Molecular Biology mu mzinda wa Cambridge. Klug anabadwira ku Lithuania mu 1926, anakulira ku Durban, anaphunzira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kenako anakagwira ntchito ndi Rosalind Franklin ku London, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1982. Wophunzira wake Jonathan Miller anaona kuti puloteniyi inkawonongeka akaiika m'madzi okhala ndi mankhwala okoka zitsulo. Atayeza, anapeza kuti puloteni iliyonse inanyamula maatomu angapo a zinki. Anaonanso kuti akaidula ndi maenzaimu, inkaduka m'zidutswa zofanana kukula kwake, kusonyeza kuti inali yopangidwa ndi timagawo tobwerezabwereza. Mnzawo Andrew McLachlan ataunika pa kompyuta mndandanda wa maamino asidi ake, tizinthu timene timalumikizana n'kupanga puloteni, anapeza timagawo 9, kalikonse ka maamino asidi pafupifupi 30, ndipo m'kalikonse munali maamino asidi awiri otchedwa cysteine ndi awiri otchedwa histidine pamalo ofanana. Mu 1985 atatuwa analengeza kuti kagawo kalikonse kamapindika mozungulira atomu imodzi ya zinki, n'kutukula kansonga kogwirira DNA. Atajambula papepala timagawoto titandandalikana, tinkaoneka ngati zala.

Chala chimodzi tikachiyang'anitsitsa

Maamino asidi 30 ndi ochepa kwambiri. Mapuloteni ambiri amafunika kukhala aatali kuposa pamenepa kuti apindike n'kukhazikika. Chala cha zinki chimatha kukhala chaching'ono chonchi chifukwa atomu ya zinki ili pakati pake, yogwiridwa mbali zinayi: ma cysteine awiri mbali ino, ma histidine awiri mbali inayo. Mbali ya ma cysteine imapanga timizere tiwiri togundana, mbali ya ma histidine imapotana n'kupanga kamzati kotchedwa alpha helix, ndipo zinki amazimanga pamodzi. Mukachotsa atomu imeneyi, chala chimasasuka n'kusiya DNA.

N'chifukwa chiyani zinki, osati ayironi kapena kopa? Zitsulo ziwirizi zimapereka ndi kulandira maelekitironi mosavuta, ndipo pochita zimenezi zimatha kupanga tizinthu towononga DNA. Zinki sachita zimenezo m'selo. Amangogwira basi, ndipo n'chifukwa chake angakhale pafupi ndi DNA popanda ngozi. Dziwaninso kuti zinkiyo sakhudza DNA. Ntchito yake ndi kuimika chala, koma chowerenga zilembo ndi chalacho.

Mmene chimawerengera zinaoneka bwino mu 1991, pamene Nikola Pavletich ndi Carl Pabo anajambula ndi X-ray puloteni ya mbewa yotchedwa Zif268 itagwira DNA. DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo popotanapo pamatsala ngalande ziwiri, ina yotakata, ina yopapatiza. M'ngalande yotakatayo m'mene m'mbali mwa zilembo A, C, G ndi T mumaonekera. Kamzati ka chala kamalowa m'menemo, ndipo maamino asidi atatu kapena anayi a pamalo odziwika amakhudza zilembo. Mwachitsanzo, arginine amakonda kugwira G, ndipo amamugwira pawiri. Chala chilichonse chimawerenga zilembo zitatu, nthawi zina n'kukhudzako chachinayi cha pa chingwe chinacho. Zif268 ili ndi zala zitatu zolumikizidwa ndi kachingwe kakafupi, ndipo zimatsata ngalandeyo mozungulira n'kuwerenga GCG TGG GCG. Zonsezi zimachitika DNA isanamasulidwe n'komwe. Zala zimaiwerenga chakunja.

Apa masamu pang'ono amathandiza. Zilembo zitatu zingasanjidwe m'njira 64 zokha, choncho chala chimodzi chingapeze malo ake paliponse, ndipo sichingasankhe jini. Zala zitatu zimawerenga zilembo 9, zimene zingasanjidwe m'njira 262,144. Zala 6 zimawerenga zilembo 18, ndipo njira zake zimaposa 68 biliyoni, kuchuluka kuposa zilembo zonse za DNA ya munthu. Mphamvu ya chala cha zinki ili pamenepa. Chimodzi n'chofooka, koma zimalumikizika, ndipo mukasintha amino asidi mmodzi kapena awiri, chala chimayamba kuwerenga zilembo zina. Jini lopanga zala likakopedwa kawiri mwangozi, kope limodzi limapitiriza ntchito yakale, linalo n'kusintha pang'onopang'ono mpaka kupeza malo atsopano. Umu ndi mmene banjali linachulukira.

Tisapusitsike n'kuganiza kuti pali ndandanda yosavuta yonena kuti chala chakuti chimawerenga zakuti. Chala chimasintha khalidwe malinga ndi zala zoyandikana nazo, ndipo m'mapuloteni okhala ndi zala 10 kapena 20, si zonse zimene zimagwira DNA nthawi imodzi. Zina zimagwira RNA, zina zimagwira mapuloteni anzawo. TFIIIA yomwe ija imagwira jini la 5S komanso imagwira 5S RNA imene jinilo lapanga, moti RNA ikachuluka imatenga puloteniyo, jini n'kupumula.

Kugwira DNA ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo limachitidwa ndi mbali ina ya puloteni yomweyo, imene imaitana othandiza. Sp1, ya zala zitatu, imakhala pamalo ochuluka G ndi C pafupi ndi majini ambiri n'kuitana makina okopera. KLF4 ndi imodzi mwa mapuloteni anayi amene Shinya Yamanaka anagwiritsa ntchito mu 2006 pobweza selo lokhwima la mbewa kuti likhalenso ngati la mluza. Koma mapuloteni ambiri a zala za zinki mwa munthu amachita zosiyana ndi zimenezi. Iwo amatseka.

Alonda 350

Pafupifupi theka la mapuloteni 700 aja, cha m'ma 350, ali ndi kagawo kena kumutu kwawo kotchedwa KRAB, ndipo majini awo ambiri anaunjikana pa kromozomu 19. Kwa zaka zambiri ntchito yawo sinkadziwika. Yankho linachokera ku mbali ya DNA imene anthu ankaiona ngati zinyalala.

Pafupifupi theka la DNA ya munthu linachokera ku tizidutswa todzikopera tokha n'kudzilowetsa pamalo ena. Barbara McClintock ndi amene anayamba kuona tizidutswa todumpha totere m'chimanga cha m'ma 1940, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Pa DNA yathu, pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse ndi zotsalira za mavairasi a m'gulu limodzi ndi HIV, amene analowa m'mazira kapena mu umuna wa makolo akalekale n'kukhazikika momwemo. Tambiri mwa tizidutswa timeneti tinafa kale, koma tina tikadali ndi mphamvu, ndipo kamodzi kakagwera pakati pa jini lofunika kangayambitse matenda.

Puloteni ya KRAB imafufuza kachidutswa kotere ndi zala zake. Ikakapeza, mutu wake umaitana puloteni ina yotchedwa KAP1, ndipo iyo imabweretsa maenzaimu oika chizindikiro pa ma histone, mapuloteni amene DNA imakulungidwapo. Malowo amafinyikana mpaka RNA polymerase kulephera kufikapo. Kachidutswako kamakhalapobe, koma kali chete.

Mu 2014 gulu la David Haussler ku Santa Cruz, California, linasonyeza mmene mpikisano umenewu unayendera mwa makolo a anthu ndi anyani akuluakulu. Puloteni yotchedwa ZNF93 inkatseka mtundu wina wa tizidutswa totchedwa L1. Zaka pafupifupi 12 miliyoni zapitazo, L1 wina anataya kachigawo komwe zala za ZNF93 zinkagwirapo, ndipo anayambanso kufalikira. Puloteni ina, ZNF91, inawonjezera zala zatsopano n'kuyamba kutseka tizidutswa ta mtundu wa SVA. Ndiye kuti mbali ino ikasintha zala, mbali inayo imasintha zilembo, ndipo mpikisanowo unasiya zizindikiro zake mu DNA ya wina aliyense wa ife.

Koma kungonena kuti ndi mpikisano sikufotokoza zonse, ndipo apa ine ndikugwirizana ndi Didier Trono wa ku Lausanne, amene gulu lake launika mapuloteni a KRAB mazanamazana. Ambiri amagwira tizidutswa timene tinasiya kudumpha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Chikhala kuti ntchito yawo inali kulondera basi, akanatha kalekale, popeza jini losowa ntchito silikhalitsa. Zikuoneka kuti thupi linatenga tizidutswa takaleto n'kutisandutsa malo olamulirapo majini oyandikana nato, ndipo mapuloteni a KRAB ndi amene amasankha kuti m'selo lakuti malowo atseguke, m'selo lakuti atsekeke. Popeza mtundu uliwonse wa nyama uli ndi tizidutswa take ndi ma KRAB akeake, n'kutheka kuti kusiyana kwina kwa munthu ndi mbewa kunachokera pamenepa, ngakhale majini opanga mapuloteni a ziwirizi ali ofanana kwambiri.

Pali zala zina zimene sizitsegula kapena kutseka jini mwachindunji. CTCF, ya zala 11, imakhala pamalo masauzande ambiri pa DNA n'kuthandiza kuipinda m'magawo, kuti malo olamulira jini lina asakasokoneze jini la m'gawo loyandikana nalo. PRDM9 imagwira ntchito popanga mazira ndi umuna, ndipo imaloza pamene makromozomu a mayi ndi a bambo adzasinthanirane zidutswa. Zala zake zimasintha mofulumira kwambiri, ndipo anthu a ku Africa ali ndi mitundu yake yambiri kuposa anthu a kwina.

Mankhwala amene timawadziwa kale

Pali banja lina la zala za zinki limene limagwira atomu yake ndi ma cysteine anayi, popanda histidine, ndipo maonekedwe ake ndi osiyana ndi a TFIIIA. Muli mapuloteni 48 olandira mahomoni ndi zinthu zina zofanana nawo: estrogen, progesterone, testosterone, cortisol, homoni ya chithokomiro, vitamini D. Homoni ikalowa m'selo imamatirira ku puloteni yake, puloteniyo n'kukakhala pa DNA ndi zala zake ziwiri, majini ena n'kutseguka, ena n'kutsekeka. Jakisoni wa kulera wa miyezi itatu amagwira ntchito kudzera mu puloteni yolandira progesterone. Prednisolone, amene amaperekedwa kwa odwala mphumu, amadzera mu yolandira cortisol, ndipo ichi ndi chifukwa chake satsegula chifuwa nthawi yomweyo koma pakapita maola, chifukwa majini ayenera kuwerengedwa kaye. Tamoxifen wa khansa ya m'mawere amatchinga yolandira estrogen. Palinso ana obadwa ndi mafupa ofooka opindika amene sachira ngakhale apatsidwe vitamini D wochuluka, ndipo mwa ena a iwo vuto ndi amino asidi mmodzi wolakwika m'chala cha puloteni yolandira vitaminiyo.

Chala chikalakwika m'puloteni yoyang'anira kukula kwa mluza, zotsatira zake zimakhala zazikulu. WT1, imene inapezeka mu 1990 pa kromozomu 11, ili ndi zala zinayi ndipo imatsogolera kupangika kwa impso ndi ziwalo zoberekera. Kuwonongeka kwake kumayambitsa zina mwa zotupa za impso za ana zotchedwa Wilms tumour, khansa imene ili m'gulu la zofala kwambiri mwa ana ku Malawi.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha thalidomide. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957, ndipo amayi oyembekezera ankawamwa kuti agone bwino ndi kuletsa nseru. Pofika mu 1961, pamene anachotsedwa pamsika, ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anali atavulazidwa m'mimba, ambiri n'kubadwa ndi mikono kapena miyendo yaifupi kwambiri. Panapita zaka zoposa 50 anthu asanamvetse chimene chinkachitika. M'selo muli puloteni yotchedwa cereblon, imene ndi mbali ya makina osankha mapuloteni oti awonongedwe. Thalidomide amamatirira ku cereblon n'kusintha pakamwa pake moti imayamba kugwira zala za zinki za mapuloteni amene sinkawakhudza. Mu 2018 zinadziwika kuti imodzi mwa iwo ndi SALL4, yofunika popanga mikono ya mluza. Ana obadwa ndi jini la SALL4 lowonongeka amakhala ndi zilema zofanana kwambiri ndi za thalidomide. Chala cha SALL4 ya mbewa n'chosiyana pang'ono ndi cha munthu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbewa sizisonyezera zilemazi. Khalidwe lomweli ndi limene limachititsa kuti lenalidomide, mbale wake wa thalidomide, athandize pa khansa ya m'mafupa yotchedwa multiple myeloma: amawonongetsa mapuloteni awiri a zala za zinki, Ikaros ndi Aiolos, amene maselo a khansayo sangakhale popanda iwo.

Wina angafunse ngati kudya zinki wambiri kungathandize majini kugwira bwino ntchito. Thupi la munthu wamkulu lili ndi magalamu 2 kapena 3 okha a zinki, ndipo silimusunga wambiri, choncho amafunika m'chakudya tsiku ndi tsiku. Kusowa kwake kumapinimbiritsa ana ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi, monga Ananda Prasad anaonera mwa anyamata a ku Iran ndi ku Egypt kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kwa anthu odalira nsima ya chimanga vutoli ndi lenileni, chifukwa m'chimanga muli phytate amene amamanga zinki m'matumbo kuti asalowe m'thupi, ndipo nyama ndi nsomba zimene zili ndi zinki wolowa mosavuta sizipezeka tsiku lililonse. N'chifukwa chakenso mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa mapiritsi a zinki pamodzi ndi ORS. Koma chala chilichonse chimafuna atomu imodzi yokha. Chikakhuta chakhuta, ndipo zinki wopitirira muyezo amatsekereza kopa kulowa m'thupi.

Mwana wa sickle cell ndi puloteni yotchedwa BCL11A

Mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell amaoneka wathanzi m'miyezi yoyambirira. Kutupa kwa manja ndi mapazi, kulira kosatonthozeka ndi kuchepa kwa magazi zimayamba kawirikawiri akamakwanitsa miyezi 6. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, anaona zimenezi mu 1948, ndipo anaganiza kuti chimateteza khandalo ndi mtundu wina wa himogulobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, umene mwana amakhala nawo ali m'mimba. Analondola. Matendawa amachokera ku chilembo chimodzi cholakwika m'jini la beta globin, limene ndi la himogulobini ya akuluakulu. Mwana wosabadwa sagwiritsa ntchito jini limenelo kwenikweni. Amagwiritsa ntchito la gamma globin, limene lilibe vuto. Akabadwa, thupi limatseka gamma pang'onopang'ono n'kutsegula beta, ndipo matenda amayamba pomwepo. Jini labwino lija silichoka. Limangotsekedwa, ndipo limakhala momwemo moyo wonse.

Ankadziwikanso mabanja ena amene gamma satsekeka kwathunthu, ndipo mwa iwo munthu wokhala ndi majini awiri a sickle cell amadwala pang'ono kapena osadwala n'komwe. Koma chotseka gamma sichinkadziwika mpaka mu 2007 ndi 2008, pamene kafukufuku wa DNA ya anthu ambiri, kuphatikizapo wa gulu la Swee Lay Thein ku London, analoza jini limene palibe ankaliganizira pa nkhani ya himogulobini, BCL11A. Gulu la Stuart Orkin ku Boston linasonyeza mu 2008 kuti puloteniyi ikachepetsedwa m'maselo opanga magazi, gamma amatsegukanso, ndipo mu 2011 linachiza mbewa za sickle cell poichotsa m'maselo amenewo. Mu 2018 zinaoneka kuti zala zake zakumapeto zimagwira zilembo TGACCA pafupi ndi poyambira jini la gamma. Ena mwa mabanja aja ali ndi chilembo chosintha pamalo enieniwo, moti zala za BCL11A zimalephera kugwirapo.

Vuto linali lakuti BCL11A imafunikanso mu ubongo ndi m'maselo ena oteteza thupi, choncho sangaichotse paliponse. Mu 2013 Daniel Bauer ndi anzake a m'gulu la Orkin anapeza kachigawo ka DNA kamene kamatsegula BCL11A m'maselo opanga magazi ofiira okha. Chokhala pamenepo n'kuitsegula ndi GATA1, imenenso ndi puloteni ya zala za zinki. Mukawononga malo okhalapo GATA1, BCL11A imachepa m'magazi ofiira mokha, gamma n'kudzuka.

Chida chowonongera malo amodzi pa DNA chinayambanso ndi zala zomwezi. Mu 1994 Yen Choo, Isidro Sánchez-García ndi Klug anapanga puloteni ya zala zitatu yolunjika pa jini loyambitsa khansa ya m'magazi. Mu 1996 Srinivasan Chandrasegaran ku Johns Hopkins analumikiza zala ndi mbali yodula ya enzaimu ya bakiteriya yotchedwa FokI, n'kupanga chodulira DNA chimene munthu angachilozere pamene akufuna. Mu 2014 madokotala a ku Philadelphia analengeza zotsatira za anthu 12 okhala ndi HIV amene maselo awo a CD4 anadulidwa jini la CCR5, khomo limene kachilomboka kamalowera, n'kubwezeretsedwa m'thupi. Sanachire, koma maselo osinthidwawo anakhalitsa ndipo njirayo inaoneka kuti n'njotheka. Kupanga zala zolondola kunali kodula ndiponso kovuta chifukwa cha khalidwe lija loti chala chimasintha malinga ndi choyandikana nacho. Chodulira DNA china chotchedwa CRISPR chitabwera mu 2012 kuchokera kwa Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, malabotale ambiri anasamukira kumeneko, chifukwa kulemba RNA yaifupi yolozera malo n'kosavuta kuposa kupanga puloteni yatsopano.

Choncho chithandizo chimene chinavomerezedwa ku Britain mu November 2023 ndi ku America mu December chaka chomwecho, chotchedwa Casgevy, chimadula ndi CRISPR, koma pamene chimadulapo ndi pamalo paja pokhala GATA1. Ambiri mwa odwala amene anachilandira poyeserera anatha chaka chathunthu kapena kuposerapo osagwidwa ndi ululu woopsa uja. Zimenezi n'zazikulu, ndipo aliyense amene anaonapo mwana akugubuduzika ndi ululu wa sickle cell angamvetse kukula kwake. Koma njira yake ndi yolemetsa. Maselo opanga magazi amatengedwa mwa wodwala, amakasinthidwa ku labotale, wodwalayo amapatsidwa mankhwala amphamvu otchedwa busulfan kuti aphe maselo akale a m'mafupa, kenako amagona m'chipatala milungu ingapo, ndipo mankhwalawo angamulepheretse kudzabereka. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Chaka chilichonse ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse amabadwira ku Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kunena mosabisa, chithandizochi momwe chililimu sichinapangidwire ana amenewa.

Chimene chilipo kwa iwo panopa ndi kuyeza magazi a makanda msanga, penicillin, katemera, kupewa malungo, ndi hydroxyurea, mankhwala akale otsika mtengo amene amakweza himogulobini ya gamma ndithu ngakhale safika pamene pafika Casgevy. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika mwa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anasonyeza kuti hydroxyurea amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa, ndipo ngakhale malungo anachepa mwa ana amene ankamwa. Kuti mankhwala amenewa akusowabe m'zipatala zambiri za m'dera limene matendawa ali ochuluka si vuto la sayansi ayi.

Chimene ofufuza akusakasaka tsopano ndi piritsi lochita zimene Casgevy amachita popanda kudula DNA. Kwa nthawi yaitali mapuloteni olamulira majini ankaonedwa kuti mankhwala sangawafike, chifukwa alibe kabowo koti mankhwala alowemo monga mmene zilili ndi maenzaimu. Nkhani ya thalidomide inasonyeza njira ina, yoti m'malo motseka puloteni, ungachititse selo kuiwononga pogwira chala chake. Mu 2024 ofufuza a kampani ya Novartis analengeza mankhwala omatirira ku cereblon amene amawonongetsa WIZ, puloteni inanso ya zala za zinki imene imathandiza kutseka gamma, ndipo himogulobini ya gamma inakwera mwa mbewa ndi anyani amene anapatsidwa. Mankhwala otere asanafike kwa anthu ambiri, ayenera kusonyeza kuti amagwira chala cha WIZ chokha pakati pa zala masauzande zofanana nacho, makamaka kuti sakhudza cha SALL4, popeza ambiri mwa odzawamwa adzakhala atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka.